Mayi Akuti ndi Chingerezi Chokana Kawiri

Amayi anga anagwira ntchito yotanthauzira m'khoti kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akalaliki osunga mafayilo okha. Ena onse, kuyambira wapolisi wa pageti mpaka mayi wogulitsa nthochi kunja kwa mpanda, ankawatchula kuti Mayi Akuti, chifukwa chilichonse chimene ankatanthauzira chinkayamba ndi mawu amenewo. "Akuti imirirani." "Akuti munali kuti Lachiwiri m'mawa?" Chizolowezicho chinawatsatira mpaka kunyumba. Abambo akati titsitse wailesi, amayi ankatembenukira kwa ife ana n'kunena kuti, "Akuti mutsitse wailesi," ngati kuti ife ndi abambo athu sitimvana chilankhulo.

Chingerezi anachiphunzira kusekondale kwa mphunzitsi wina wamtali, wosaseka, amene ana asukulu ankamutcha Chofufutira chifukwa ndi chimene ankagendera nacho anthu olongolola. Mphunzitsiyu anali ndi malamulo ambiri, koma limodzi ankaliphunzitsa ngati lochokera kumwamba. Ankati m'Chingerezi munthu sakana kawiri m'chiganizo chimodzi. Ukanena kale kuti "not", usawonjezerenso "nothing" kapena "nobody", chifukwa kukana kwachiwiri kumadya kukana koyamba, ndipo chotsala pamenepo ndi kuvomera. Kuti ana amvetse, ankawafunsa m'chilankhulo chawo chomwe.

"Ndikati palibe amene sanabwere, abwera ndi angati?"

"Onse, aphunzitsi!"

"Basitu. Ndiye amene andilembere kukana kuwiri m'kope, ndimuwerengera kuti wavomera, ndipo chofufutirachi chimupeza."

Amayi anali mtsikana wokonda zinthu zolongosoka, wopinda ngakhale kansalu kopukutira mbale kuti makona ake akumane. Lamulo limeneli linawalowa m'magazi. Anakhoza Chingerezi kuposa onse m'kalasi mwawo, ndipo atamva kuti kukhoti kukufunika wotanthauzira, analemba kalata yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Anawatenga.

Mwezi wachiwiri ali pantchito anapunthwa koopsa. Unali mlandu wa njinga yobedwa pa sitolo ina, ndipo mboni inali mlonda wachikulire. Loya anafunsa funso lake m'Chingerezi, amayi n'kutanthauzira bwinobwino kuti, "Akuti nkhope ya wakubayo simunaione?" Mlondayo anati, "Eya." Amayi, mosataya nthawi, anauza khoti kuti, "Yes." Woweruza analemba kuti mboni inaona nkhope ya wakuba. Loya anayamba kumufunsa mlondayo za mphuno ndi ndevu za munthuyo, mlondayo n'kumangoti sakudziwa, loya n'kumamunena kuti ndi wabodza. Anakokanakokana kwa theka la ola mpaka mkuluyo anamenya chipewa chake pathabwa la mboni.

"Inu anthu mwatani kodi? Ndati eya, sindinaione! Kunali mdima!"

Apo m'pamene amayi anazindikira kuti "eya" wathu ndi "yes" wa Angerezi sayenda njira imodzi funso likakhala lokana. Ife timavomera funsolo, iwo amayankha za chinthucho. Woweruza wa nthawi imeneyo anali mayi wamkulu wa magalasi okhuthala. Anaimitsa mlanduwo n'kuwaitanira amayi muofesi mwake. Sanawakalipire. Anangoti, "Mwana wanga, kunyamula mawu kuchoka uku kupita uko ngakhale wapositi amatha. Iwe uzindibweretsera zimene munthuyo akufuna kunena."

Amayi anatuluka m'maso muli gwa, koma atafika pageti misozi inayamba yokha. Poopa kuti anzawo awaona, anawoloka msewu n'kulowa m'kantini kakang'ono koyang'anana ndi khotilo, komwe anali asanalowemo n'kale lonse. Munali matebulo anayi, mabenchi, ketulo yaikulu ndi mwamuna wamfupi wa epuloni yoyera akukazinga mazira uku akuimba mluzu. Mwamunayo ndiye abambo anga.

Abambo anali atagwira ntchito yophika pa sitima zapamadzi zonyamula katundu kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Sukulu analekezera panjira, ndipo Chingerezi chawo chonse anachitolera m'khitchini ya sitima, pakati pa mapoto ndi amalinyero a mitundu yosiyanasiyana, ambiri a iwo otukwana. Ankachilankhula mothamanga ndi molimba mtima, ndipo anthu osadziwa ankaganiza kuti ndi munthu wophunzira kwambiri amene anangosankha yekha kukazinga mazira. Tsiku limenelo anaona mtsikana akulira, anamuikira tiyi wa mkaka patebulo, osafunsa kanthu. Amayi anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake.

Patatha milungu itatu abambo anaona kuti nthawi yakwana. Podziwa kuti mtsikanayu amadya za Chingerezi, anaganiza zomufikira m'Chingerezi momwemo. Anapukuta manja, anaima pafupi ndi tebulo n'kunena kuti, "Madam, I ain't got no wife."

Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Zikomo pondiuza. Mukawapatse moni akazi anuwo."

"Akazi ake ati? Ndati ndilibe mkazi."

"Mwakana kawiri, bambo. Kukana kwachiwiri kwadya koyamba. Muli naye."

Abambo ankati tsiku limenelo anapsereza mazira anayi motsatizana, akuganiza kuti mkazi ameneyu wamutenga kuti. Koma sanali munthu wogonja msanga. Mawa lake anadikira amayi akhale pansi, n'kunena mokweza kuti makasitomala onse amve: "Madam, I ain't never got no wife."

Amayi anawerenga pazala. "Kukana, kuvomera, kukana. Chabwino, lero mulibe. Tione mawa."

Anakwatirana chaka chotsatira. Tinabadwa ana atatu, ine woyamba, kenako alongo anga awiri, ndipo tonse tinakulira m'nyumba ya Zingerezi ziwiri zosamwerana madzi. Abambo chakudya ankachitcha "grub". Akatopa ankati ali "knackered". Munthu aliyense kwa iwo anali "mate", ngakhale abusa atabwera kudzacheza, ndipo amayi ankachita kuwatsina pansi pa tebulo. Amayi nawo anali ndi bolopeni yofiira yokhala m'chikwama nthawi zonse. Inkakonza makope athu, makalata a anansi, ngakhale kapepala kamene abambo alemba kuti tikagule anyezi ndi sopo.

Nkhondo yaikulu inali pa bolodi la pakhomo pa kantini. Abambo analembapo ndi choko kuti, "We dont serve no cold tea," pofuna kuuza anthu kuti kwa iwo tiyi amakhala wotentha nthawi zonse. Amayi ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita kuntchito.

"Bambo ake uyu," ankatero akundiloza ine, "mukudziwa kuti mwalengeza mzinda wonse kuti mumagulitsa tiyi wozizira?"

"Alipo wabwera kudzafuna wozizirayo?"

"Maloya akukusekani."

"Aziseka. Akatha kuseka amalowa n'kugula."

Pamenepo abambo sankanama. Maloya ankaima pabolodipo n'kumatsutsana, ena n'kumaitana anzawo kuti adzaone, mapeto ake onse ankakhala pabenchi ndi makapu m'manja. Amayi ankafufuta "no" uja ndi chala, masana abambo n'kumubwezeretsa. Zinayenda choncho zaka zambiri, moti pamalo pa mawu amenewo bolodi linachita kusalala.

Mayeso akayandikira, amayi ankakhazikitsa lamulo. "Kuyambira lero mpaka ana atamaliza kulemba, inu m'nyumba muno muzilankhula chilankhulo chimene munayamwira. Chingerezi chanucho muzichisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato." Abambo ankamvera masiku awiri. Tsiku lachitatu tinkawamva kubafa akudzilankhulira okha Chingerezi cha pasitima, chapansipansi, ngati munthu wosuta fodya mobisa. Ife tinakhoza mayeso onse, ndipo mpaka lero aliyense wa awiriwa amati tinakhoza chifukwa cha iye.

Nkhani imene anthu a kukhoti kuja amakumbukirabe inachitika amayi atagwira ntchito zaka makumi awiri. Panali mlandu wa mwamuna wina wowotcherera zitsulo, amene ankamuganizira kuti anaba pampu ya madzi ya mnansi wake. Mwamunayu anali atakhala kunja zaka zambiri akugwira ntchito pamadoko, ndipo atalowa m'khoti anakweza dzanja n'kunena kuti iye wotanthauzira sakumufuna, Chingerezi amachitha yekha. Amayi sanakhumudwe. Anakhala pansi n'kupinda manja, akusangalala kuti mmero wawo upumako.

Woimira boma pamlanduwo anali mnyamata wongochoka kumene kukoleji, wa tayi yonyezimira, wolankhula ngati akuwerenga m'buku. Anamufunsa mwamunayo ngati anatenga pampuyo.

"I didn't take no pump, boss," anayankha wowotchererayo. "I don't know nothing about it."

Woimira boma uja anadumpha ngati wakhalira singano. Anauza woweruza kuti mlandu watha, woimbidwa mlandu wavomera yekha pamaso pa khoti, ndipo wavomera kawiri: kuti pampu anatenga, komanso kuti akudziwapo kanthu. Anapempha kuti mawuwo alembedwe momwe alili. Wowotcherera uja, posamvetsa chimene chachitika, ankangogwedeza mutu n'kumamwetulira, kuganiza kuti Chingerezi chake chagometsa anthu.

Woweruza wa nthawi imeneyi anali bambo wodekha, wokonda kutafuna mpini wa magalasi ake akamaganiza. Anayang'ana woimira boma, anayang'ana wowotcherera, kenako anayang'ana amayi.

"Mayi wotanthauzira, ndikudziwa kuti lero munakanidwa. Koma khoti likupempha thandizo lanu. Titanthauzireni kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chingerezi. Bamboyu wavomera kapena wakana?"

Amayi anaimirira. Amati pamene ankatsegula pakamwa, anaona chinthu choyera pakhomo la kumbuyo kwa khoti. Anali abambo, ndi epuloni yawo, thireyi ya makapu ili m'manja. Ankapititsa tiyi kuofesi ya akalaliki, ndipo atamva Chingerezi cha kwawo chikulankhulidwa m'khoti, anaima kuti amve. Amayi amati m'moyo wawo wonse sanalakalakepo kuti munthu achoke pamalo ngati mmene analakalakira tsiku limenelo. Koma abambo anatsamira chitseko n'kukhazikika.

"Wolemekezeka," anatero amayi, "tikatsata buku la galamala, bamboyu wavomera."

Woimira boma anagwedeza mutu mokondwa n'kuyamba kukhala pansi.

"Koma bamboyu sakulankhula Chingerezi cha m'buku. Chimene akulankhulachi ndimachidziwa bwino, chifukwa ndakhala nacho m'nyumba imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anthu olankhula chotere akakana kawiri ndiye kuti akukanitsitsa. Zili ngati munthu wokhoma chitseko ndi loko, kenako n'kuikanso mpiringidzo. Sitinganene kuti poti watseka kawiri ndiye kuti watsegula. Bamboyu akuti pampu sanatenge, ndipo za pampuyo sakudziwa chilichonse."

Woimira boma anaimiriranso. Anati mayiwa ndi wotanthauzira chabe, si katswiri wa chilankhulo, ndipo khoti silingayendere Chingerezi cha m'nyumba mwa munthu.

"Zoona," anatero amayi. "Ndiye musavutike ndi ine. Mwini mawu ali pomwepa. Mufunseni m'chilankhulo chimene amalota nacho."

Woweruza analola. Amayi anatembenukira kwa wowotcherera uja. "Akuti mwavomera kuti munaba pampu. Ndi zoona?"

Kumwetulira konse kunathera pomwepo. "Ine? Ndavomera liti? Mayi, pampuyo sindinaitenge, sindinaikhudze, ngakhale mtundu wake sindiudziwa! Andinamizira ndani?"

"Chingerezi chanu chomwe," anatero amayi, ndipo khoti lonse linaphulika ndi phwete. Ngakhale woweruza anabisa nkhope kuseri kwa fayilo. Kumbuyo kuja abambo anaiwala kuti ali m'khoti, anayamba kumenya thireyi ndi supuni ngati belu, mpaka wapolisi anawagwira pamkono n'kuwatulutsa, makapu akuchita phokoso njira yonse. Kuyambira pamenepo wowotcherera uja anapempha yekha kuti amayi amutanthauzire mpaka mlandu utatha. Patapita milungu iwiri zinadziwika kuti pampuyo inali kwa mlamu wake wa mwini pampu, amene anaitenga kukathirira dimba osauza munthu. Wowotcherera anamasulidwa.

Madzulo a tsiku la kukana kawiri lija, amayi anapeza abambo atafika kale kunyumba, atavala malaya a kutchalitchi pakati pa sabata, akuyendayenda pabalaza manja ali kumbuyo ngati loya.

"Ana inu, imirirani," anatero abambo. "Lero boma lavomereza Chingerezi changa. Ndipo wachivomereza ndi mayi anu omwe, pamaso pa woweruza."

"Ndinanena zimene bambo uja ankatanthauza," anatero amayi akuvula nsapato. "Sindinanene kuti ndi Chingerezi chabwino."

"Loko ndi mpiringidzo! Zaka zonsezi mumadziwa, koma mumangondizunza."

"Kudziwa ndinkadziwa kuyambira tsiku la mazira opserera lija. Mukuganiza kuti ndikanakwatiwa ndi munthu woti ali ndi mkazi?"

Abambo anakhala pansi, kukamwa kuli yasa. Ife tinaseka mpaka mlongo wanga wamng'ono anatsamwa ndi madzi.

M'mawa mwake amayi anaima pabolodi la kantini monga mwa masiku onse. Abambo ankasuzumira pazenera. Amayi anayang'ana "no" uja kwa kanthawi, anamusiya. Kenako anatola choko n'kuika kachizindikiro kakang'ono kamene kankasowa pakati pa "n" ndi "t" m'mawu akuti "dont", n'kuwoloka msewu osacheuka.

Atamasulidwa, wowotcherera uja anabwera ndi choikapo maluwa chachitsulo kuti athokoze, koma amayi anakana, anati wantchito wa khoti salandira mphatso. Bamboyo anazungulira nacho mpaka anakachisiya kukantini, ndipo anawotchereranso miyendo ya mabenchi onse imene inkagwedera. Woimira boma uja anakwiya mwezi wathunthu, osawapatsa moni amayi. Kenako tsiku lina anawapeza pakhonde n'kuwafunsa chapansipansi tanthauzo la mawu ena amene mboni inalemba m'kalata. Amayi nawonso sankawadziwa, ndiye anamutumiza kutsidya kwa msewu. Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankamwa tiyi kwa abambo tsiku ndi tsiku, kabuku kali pambali.

Amayi anapuma pantchito tsitsi litayera mbuu. Kantini anaitenga wamkulu mwa alongo anga awiri aja, ndipo makolo athu anayamba kukhala pakhonde la nyumba yawo, amayi akuwerenga nyuzipepala ndi bolopeni yofiira m'manja, abambo akuwodzera. Tinawagulira foni yamakono kuti azilemberana ndi adzukulu. Amayi ankalemba mauthenga athunthu, a zilembo zazikulu ndi mipumiro yonse pamalo pake, ngati kalata yopita kuboma.

Chaka chatha anasoketsa diresi latsopano la buluu. Abambo anawajambula atavala, ndipo amayi anatumiza chithunzicho kwa mwana wanga wamkazi, amene ali kukoleji kutali ndithu ndi kwathu. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Agogo that dress is sick. I'm dead."

Amayi anawerenga kawiri. Mawu onse ankawadziwa, ndipo palibe pamene panakanidwa kawiri. Mwana akuti diresi likudwala, ndipo iye wafa. Anamuimbira foni, sanayankhe, poti anali atalowa m'kalasi. Anandiimbira ine, foni yanga inali yozimitsa, ndinali pamsonkhano kuntchito. Anadzutsa abambo.

"Bambo ake uyu, mwana watentha thupi mpaka wayamba kubwebweta. Akuona ngati diresi ndi munthu. Inu ndinu odziwa Chingerezi cha mumsewu, tawerengani apa."

Abambo anavala magalasi, anawerenga, nkhope inagwa. "Pasitima munthu akati wafa, ndiye kuti zinthu zavutadi. Tiyeni."

Amayi anatenthetsa supu wa nkhuku n'kumuthira m'fulasiki, anatenga bulangete, mankhwala a mutu ndi thaulo. Anakwera mabasi awiri, amayi akadali m'diresi lomwelo, akupemphera njira yonse. Atafika pakoleji anafunsa kuchipatala cha pasukulupo, anawauza kuti kulibe wodwala wa dzina limenelo. Ali pakati pofunsa njira ya kuhositelo, anamva kuseka kodziwika. Mdzukulu wawo anali pansi pa mtengo ndi anzake atatu, akudya tchipisi, masaya ali phwii.

"Agogo! Mwabwera? Kwagwanji?"

"Kwagwa iweyo," anatero amayi, bulangete lili m'khwapa. "Si iwe walemba kuti wafa?"

Mwanayo anayang'ana bulangete, anayang'ana fulasiki, kenako anagwa pansi ndi kuseka, anzake n'kumugwira. Atapeza mpweya anafotokoza kuti masiku ano chinthu chikakongola kwambiri amati chikudwala, ndipo munthu akagoma nacho kapena akaseka kwambiri amati wafa.

Amayi anakhala pabenchi, anapukuta thukuta ndi thaulo lija. "Ndiye diresili lakongola?"

"Kwambiri, agogo."

"Nanga tsiku limene udzadwaledi udzalemba kuti chiyani?"

"Ndidzakuimbirani, agogo. Ndidzati sindili bwino."

"Uzitero."

Abambo ndi amene anakwiya. Anati ana a masiku ano awononga Chingerezi, alibe nacho ulemu, mawu akungowatembenuza dodolido mmene afunira. Amayi anawaponyera diso, ndipo abambo anatembenukira kumbali n'kuyamba kufunsa atsikanawo ngati tchipisicho anakazingira mafuta atsopano.

Supu uja anamwa atsikana anayiwo, akupatsirana chivundikiro cha fulasiki. Amayi sanafune kuchoka msanga. Anawafunsa atsikanawo mawu ena amene amalankhula, mmodzimmodzi, n'kumawatsutsa, n'kumaseka, mpaka basi imene ankafuna kukwera inawasiya ndipo anadikira ina. Ine nditayatsa foni ndinapeza kuti andiimbira kasanu ndi kawiri. Ndinawaimbira nthawi yomweyo, ndipo anayankha ali m'basi, phokoso la injini lili m'makutu.

"Palibe vuto, mwana wako ali bwino, wanenepa," anatero amayi. "Koma fulasiki yanga ndaiiwala komweko. Ukapita kukamuona ukaitenge, ndipo uonetsetse kuti aitsuka."